Kafukufuku wa khansa ya prostate sanafikebe ku Kasina

Abambo achikulire a m'midzi yozungulira Kasina m'boma la Dedza akayamba kuvutika pokodza, ambiri amati ndi ukalamba. Amadzuka kanayi kapena kasanu usiku, mkodzo ukungodontha, koma nkhani yotere sakambirana ndi mpongozi kapena mdzukulu. Ena amafika pa chipatala cha mishoni ya Katolika cha Kasina mkodzo utatsekeratu, msana ndi chiuno zikuwawa. Nthawi zina vuto limakhala kungotupa kwa prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna. Nthawi zina imakhala khansa, ndipo msana ukamawawa ikhoza kukhala kuti yafalikira kale m'mafupa.

Akatswiri a kunja alemba zambiri za nthendayi. Mu Epulo 2024, gulu lotsogoleredwa ndi Pulofesa Nick James wa ku Institute of Cancer Research mumzinda wa London linalemba m'magazini ya The Lancet kuti amuna opezeka ndi khansa ya prostate pa chaka adzachoka pa 1.4 miliyoni mu 2020 kufika pa 2.9 miliyoni mu 2040, ndipo chiwerengerochi chidzakwera kwambiri m'maiko osauka. James yemweyu anatsogolera kafukufuku wa STAMPEDE, amene anaonetsa mu 2017 kuti kuwonjezera mankhwala a abiraterone pa chithandizo cha masiku onse kumatalikitsa moyo wa odwala. Madokotala m'maiko ambiri anasintha kachitidwe kawo chifukwa cha zimenezi.

Koma mlimi wa kachewere wa ku Kasina sanapindulebe nazo kwenikweni. Mankhwala amathandiza munthu amene wapimidwa, ndipo kupimako ndi ulendo: kuyeza magazi kotchedwa PSA, kuonana ndi dokotala wa njira ya mkodzo monga Dr Charles Mabedi ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kudula kanyama koti kakaunikidwe, kenaka kudikira zotsatira. Madokotala a ntchitoyi ndi owerengeka m'dziko muno. Ulendo uliwonse umafuna ndalama ya minibasi ya anthu awiri, poti wodwala sayenda yekha.

Chodabwitsa n'chakuti Malawi ali kale ndi chitsanzo cha kafukufuku amene anathana ndi vuto la mtundu womwewu, ndipo chinachokera ku khansa ya impso ya ana yotchedwa Wilms. Ku chipatala cha Gulupu mumzinda wa Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux, Dr Trijn Israels ndi dokotala wa opaleshoni ya ana Pulofesa Eric Borgstein anaona kuti ana ambiri sankafa chifukwa chosowa mankhwala kokha. Ankafika mimba itatupa kwambiri, thupi litatha ndi kunyentchera, ndipo makolo ena ankabwerera kumudzi chithandizo chili pakati chifukwa ndalama zatha kapena kumunda kwatsala kopanda munthu. Choncho madokotalawa anakonza ndondomeko yogwirizana ndi kuno: kuunika ndi makina a ultrasound, kupereka mankhwala ochepetsa chotupa asanachite opaleshoni, kudyetsa ana chiponde, ndi kupatsa makolo ndalama yoyendera.

Mu 2014 ndondomekoyi inakhala maziko a ntchito ya Collaborative Wilms Tumour Africa Project, imene inaphatikiza zipatala za ku Malawi, Ghana, Cameroon ndi maiko ena. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2018 zinaonetsa kuti ana omaliza chithandizo alibe khansa anachoka pa 52 kufika pa 68 mwa 100 alionse, ndipo osiyira panjira anatsika kuchoka pa 23 kufika pa 13. Panalibe mankhwala atsopano. Ofufuzawo anangotenga njala ndi mtengo wa basi ngati mbali ya matendawo, zinthu zimene kawirikawiri sizilowa m'mapepala a asayansi.

Amuna achikulire sanachitiridwe zotere. Zipangizo zayamba kubwera: mu 2024 chipatala choyima pachokha cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kuwotcha khansa ndi makina, ndipo mu 2025 boma linatsegula National Cancer Centre ku Lilongwe, kotero odwala ena safunikanso kutumizidwa ku India kapena ku Tanzania. Komabe makinawa amachiritsa khansa ya prostate ikapezeka isanafalikire. Ikafika m'mafupa, chotsala ndi kuichedwetsa ndi kuchepetsa ululu.

Apa ndi pamene sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences ndi Unduna wa Zaumoyo akuyenera kuika ndalama zofufuzira, ngakhale mafunso ake saoneka apamwamba. Mwa abambo amene amatumizidwa kuchokera ku zipatala zazing'ono ngati Kasina, ndi angati amafikadi ku Kamuzu Central? Mwa amene adulidwa kanyama, ndi angati amabwerako kudzamva zotsatira, ndipo otsalawo amalepheretsedwa ndi chiyani: ndalama, manyazi, kapena mantha a opaleshoni yokhudza umuna wawo?