Kalata ya ku Japan sifika ku Mvera

Mwezi wathawu ndidakwera matola pa Mvera kupita ku Salima. Tidali anthu khumi ndi awiri m'galimoto ya anthu asanu ndi atatu, ndipo tisadafike patali fungo la petulo lidadzaza m'katimo. Mayi wina wakhanda pamiyendo adadandaula. Dalaivala adangoti, "Musaope mayi, imanunkha chonchi masiku onse." Chitseko chidali chotsegulira panja pokha. Pa mtsetse wokhotakhota uja, moto ukadabuka tikadatulukira pati?

Mwina lidali payipi lotha ndi ukalamba. Koma nthawi zina galimoto imachoka ndi chilema ku fakitale komwe. Mu January 2011 kampani ya Toyota idaitanitsa galimoto pafupifupi 1.7 miliyoni kuti ikazikonze ulere, kaamba koti zikadatha kudontha mafuta. Zoposa miliyoni imodzi zidali ku Japan konko, ndipo pakati pake padali Noah ndi Voxy. Imani pa msewu wa Lilongwe-Salima muwerenge kuti zikudutsa zingati.

Kampani ikapeza chilema imalembera kalata mwini galimoto amene ali m'kaundula wa ku Japan. Akapita nayo ku galaja, zathu zayera. Akanyozera, kapena akakhala kuti adaigulitsa kale, galimoto imakwera sitima, kutsikira ku Dar es Salaam, kulowa pa Songwe, chilema chili momwemo. Kalatayo sikwera nawo sitima. Ife ogula kaunjika timangoona penti kuwala.

Inu amene mudakhalako ku Joni mukudziwa kuti anzathu sadangopinda manja. Galimoto za Ford Kuga zitayamba kuyaka m'misewu, injini zikutentha mpaka kung'aluka ndi kutaya oyilo, anthu adasokosa mpaka mu January 2017 kampaniyo idaitanitsa galimoto 4,556. Mu 2019 idavomera kulipira chindapusa cha ma randi 35 miliyoni. Kuno kwathu galimoto ikapsa timati ndi tsoka, ena amafika ponena kuti alipo waikhwimira.

Tsono ndifunse akuluakulu. Galimoto iliyonse ili ndi nambala ya chasisi. A MRA amailemba potolera msonkho. A Road Traffic amailemba polembetsa galimoto. Nambala yomweyo mukailowetsa pa tsamba la Toyota la ku Japan pa intaneti, imakuuzani ngati galimotoyo ili pa mndandanda wa zoyenera kukonzedwa. Kodi nambala imeneyi ndi yotolerera ndalama basi? Chikuletsa nchiyani kuti pepala la COF lisaperekedwe kufikira woyeza galimoto ataona zimenezi? Nanga a CFTC, amene ntchito yawo nkuteteza ogula, sangalamule ogulitsa galimoto za kaunjika kuonetsa umboni woti idakonzedwa asadalandire ndalama ya munthu?

Mayi uja adatsika pamodzi ndi ine ku Salima, mwana akutsokomola. Galimoto idatembenuka nkuyamba kuitanira ena.