MAPHUNZIRO-ZIMBABWE: Kalata ya m'busa ndi malamulo a kalembedwe ka ophunzira ku Mutare

MUTARE - Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Giredi 7 zikatuluka, maso a makolo ambiri m'dziko la Zimbabwe amaloza ku chigawo cha Manicaland, komwe kuli sukulu za mishoni zodziwika bwino monga Hartzell ku Old Mutare, St Augustine's ku Penhalonga ndi St Faith's kufupi ndi Rusape. Ana oposa 300,000 amalemba mayesowa chaka ndi chaka, pomwe malo a Fomu 1 m'sukulu zogonera konko ndi ochepa kwambiri. Kaamba ka kuchepa kwa malowa, funso loti ndani ali ndi mphamvu yolozera mwana ku sukulu, komanso ngati munthuyo ayenera kulandirapo kanthu, lakhala nkhani yaikulu pakati pa boma, mipingo ndi makolo.

Mchitidwe wotumiza ophunzira kudzera mwa anthu odziwika ndi wakale monga sukuluzo. Mishoni ya Old Mutare inayamba pomwe Bishopu Joseph Hartzell wa mpingo wa Methodist analandira malo a tauni yakale, tauniyo itasamukira kufupi ndi njanji cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. St Augustine's, ya mpingo wa Anglican, inayamba kupereka maphunziro a sekondale kwa ana achikuda mu 1939. M'masiku amenewo mwana wakumudzi ankafika pa sukulu zotere chifukwa m'busa kapena mphunzitsi wamuona kuti ndi wanzeru ndipo wamulembera kalata. Njira imeneyi inatukula mabanja ambiri osauka, koma inalinso ndi vuto lake: mwana wopanda womudziwa ankatsalira.

Lamulo la maphunziro la dziko la Zimbabwe limaletsa kukaniza mwana malo chifukwa cha mtundu, fuko kapena komwe amachokera, ndipo limati mwana ali ndi ufulu wolembedwa pa sukulu yomwe ili pafupi ndi kwawo pokhapokha ngati yadzaza. Gawo 75 la malamulo aakulu a dzikolo a 2013 limatsimikizanso ufulu wa maphunziro. Komabe sukulu zogonera zimatenga ana ochokera m'zigawo zonse, ndipo apa ndi pomwe mpikisano umakulira.

Kwa zaka zambiri sukuluzi zinkalembetsa mayeso awoawo olowera Fomu 1. Makolo ankalipira ndalama zosabwezedwa, kuyenda maulendo ataliatali, pomwe malo anali a ana ochepa chabe. Unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale, pa nthawi yomwe nduna yake inali Lazarus Dokora, unaletsa mayeso amenewa n'kulamula kuti zotsatira za Giredi 7 za bungwe la ZIMSEC ndizo zigwiritsidwe ntchito. Mu 2016 undunawo unayambitsa njira ya pa intaneti yotchedwa eMAP, momwe kholo limasankha sukulu zogonera zosapitirira zisanu, ndipo aphunzitsi aakulu amasankha ana poona zotsatira zawo.

Njirayi inachepetsa ndalama zomwe makolo ankataya, koma sinawonjezere malo ngakhale amodzi. Ndiponso kholo lakumudzi lomwe lilibe foni yamakono limadalira munthu wina kuti alilembere, ndipo mpata umenewu ndi womwe akamberembere amalowerapo, n'kumalonjeza malo posinthana ndi ndalama. Kumbali ina, mipingo yomwe inamanga sukuluzi ndi zopereka za akhristu ake imaona kuti ili ndi chifukwa chofunira kuti ana a mamembala ake aganiziridwe. Maganizo amenewa ndi omveka, koma aphunzitsi ambiri a m'sukulu za mishoni amalipidwa ndi boma, kutanthauza kuti msonkho wa nzika zonse umathandizanso kuyendetsa sukuluzo.

Ku maphunziro apamwamba nkhaniyi imadutsa malire a mayiko. Africa University, yomwe ndi ya mpingo wa United Methodist, inatsegulidwa ku Old Mutare mu 1992 ngati yunivesite yoyamba yosakhala ya boma m'dzikolo. Ophunzira ake amachokera m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, Mozambique, Zambia, Angola ndi Democratic Republic of Congo, ndipo ambiri amamva za sukuluyi kudzera m'mipingo ndi kwa anthu omwe anaphunzirako kale. Bungwe la ZIMCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, ndilo limavomereza mayunivesite ndi maphunziro awo, komanso kuunika masatifiketi ochokera kunja. Choncho kalata ya bishopu ingathandize wophunzira kudziwika kapena kupeza thandizo la fizi, koma singalowe m'malo mwa zomuyenereza.

Mayiko ena anakumana kale ndi vuto la anthu olipidwa potengera chiwerengero cha ophunzira omwe abweretsa. Dziko la America linaletsa mu 1992 mchitidwewu m'makoleji omwe ophunzira ake amalandira thandizo la boma, ngakhale kuti lamulolo silikhudza kukopa ophunzira akunja. Mu 2012 mayiko a Britain, Australia, Ireland ndi New Zealand anagwirizana pa mfundo zotchedwa London Statement zokhudza khalidwe la nthumwi zolembera ophunzira. Chifukwa chake n'chakuti munthu wolipidwa pa mutu wa wophunzira aliyense amasamala za chiwerengero, osati ngati sukuluyo ndi yoyenera mwanayo. Dziko la Malawi linatsata njira ina, pomwe unduna ndiwo umasankha ana opita ku sekondale za boma potengera mayeso a MANEB, ndipo bungwe la NCHE limayendetsa masankho olowera m'mayunivesite a boma.

Palinso lamulo lomwe sukulu zambiri zofuna ophunzira zingaliiwale. Kuyambira mu 2021 dziko la Zimbabwe lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, lomwe bungwe la POTRAZ limayang'anira. Kutolera mayina, manambala a foni ndi zotsatira za mayeso a ana kuti aperekedwe ku sukulu ina kumafuna chilolezo cha makolo.

Zomwe zachitika ku Mutare zikuonetsa kuti kulozera mwana ku sukulu yabwino sikulakwa, bola zinthu zitatu zitsatidwe. Wotumiza mwanayo asalandire ndalama kuchokera kwa kholo kapena kwa sukulu. Chigamulo chomaliza chichokere pa zotsatira za mayeso ndi mfundo zomwe zalengezedwa poyera. Ngati mpingo uli ndi malo omwe umasungira mamembala ake, chiwerengero chake chidziwike kwa onse asanayambe kulembetsa. Makolo nawonso, makamaka a m'mayiko oyandikana nawo, ayenera kufunsa ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa ku boma, ndi kulipira fizi ku akaunti ya sukulu yokha n'kulandira lisiti. Koma vuto lenileni lidzachepa pokhapokha sukulu zoyendera za m'madera monga Sakubva, Dangamvura ndi Chikanga zitakhala ndi mabuku, zipinda ndi aphunzitsi okwanira, kuti kholo lisaone malo a ku sukulu yogonera ngati mwayi wokhawo wa mwana wake.