Mwana akatumiza uthenga ali ku Joni, timvetsere mpaka kumapeto

Milungu iwiri yapitayo, titatseka Sabata, tinasonkhana pakhonde la agogo kuno kwa Kaomba kuti timvere mauthenga a pa WhatsApp ochokera kwa mwana wa achemwali anga. Mtsikanayu anapita ku Johannesburg mu Epulo, ndipo aka n'koyamba kuti atuluke m'Malawi muno.

Zokamba zinalipo zambiri. Anafotokoza za kutentha kwa ku Tete ndi kukula kwa mtsinje wa Zambezi. Anakamba za mzere wa pa Beitbridge, ndi miyendo yake imene inatupa chifukwa chokhala m'basi masiku awiri. Atatsika pa Park Station, akuti anadabwa kuona chinamtindi cha anthu osapatsana moni. Tonse tinaseka atanena kuti nsima kumeneko amati pap, ndipo kuti nkhuku yokazinga ndi tchipisi zili paliponse, koma nkhwani wotendera sanamulaweko chichokereni kuno.

Amalume ake anangoti, "Mufunseni ngati atumize ya feteleza." Sindikuwanena, poti ndalama ya fodya sichedwa kutha. Koma agogo anapempha kuti tibwereze uthenga womaliza. Cha kumapeto kwake mwanayo ananena mongodutsa kuti, "Kuno kukuzizira, agogo. Tikumagona ndi mbaula m'chipinda, zenera titatseka. M'mawa ndikumadzuka mutu ukuwawa, mwina n'kutopa."

Ine thupi linachita tsemwe. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Mpweyawu sununkha ndipo suoneka. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino umene thupi limafuna. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Choopsa n'chakuti munthu amene ali m'tulo samva kanthu, ndipo atha kupitirira osadzukanso.

Usiku womwewo ndinamuimbira. Ndinati, "Mwanawe, mbaula uzitulutsa panja usanagone, ngakhale makala aoneke ngati azima. Ndalama ya mwezi uno gulira bulangete lina, feteleza adikire. Ukamva chizungulire tuluka kunja msanga, ndipo upite kuchipatala." Malangizowa ndi athunso kuno ku Kasungu, pakuti mu Juni ndi Julaye ambiri timalowetsa mbaula m'nyumba mmene mukugona ana.

Abale anga, mwana amene ali kunja amasankha zotiuza. Amatumiza zithunzi za nyumba zosanjikizana kuti tisade nkhawa, ndipo vuto lenileni amalinena motsitsa mawu. Tikafulumira kufunsa za ndalama, amaona ngati ndi zokhazo zimene tikufuna kumva. Tiyambe ndi mafunso ena. Ukugona malo otani? Dzulo unadya chiyani? Pa Sabata ukupembedza kuti? Utadwala usiku, angakuperekeze kuchipatala ndani?

Lachitatu lapitali watumizanso uthenga. Mutu unasiya. Kutchalitchi kumene wayamba kupita anapezako amayi ena a ku Malawi, ndipo amulonjeza kuti amusonyeza kogula ndiwo zamasamba. Agogo sakukhulupirira kuti masamba a kumeneko angafanane ndi athu, moti ayamba kale kumanga mfutso, akudikira munthu wopita ku Joni.