Saluni ya Gulu: Tiyambe ndi Ufa kapena Makina?

Amayi anzanga, inu a m'magulu a banki m'khonde amene mukulingalira zotsegula saluni kuno ku chipata cha Mchinji, imvani. Chitsegulireni nyumba yatsopano yodindira mapasipoti a mbali zonse ziwiri, Mchinji ndi Mwami, mu 2022, amayi opita ku geni ku Chipata akubwerako ndi nkhani ya njira ziwiri zokongoletsera zikhadabo. Musanatape ndalama za gulu, zidziweni bwino.

Njira yoyamba ndi makina osindikiza. Mayi alowetsa chala, makina najambula duwa kapena maluwa a chitenje pa chikhadabo mphindi imodzi isanathe. N'zokongoladi. Koma makinawo afuna magetsi, inki yake yokha yochokera kunja, ndiponso nyale youmitsira utoto wa pamwamba. Magetsi akathima, kapena inki ikatha, ndalama zanu zagona m'kabati. Komanso chithunzi ndi chokometsera chabe; sichilimbitsa chikhadabo.

Njira yachiwiri ndi ufa. Apaka guluu wake pa chikhadabo, nathira ufa wa mtundu umene mwini wasankha, kawiri kapena katatu, kenaka apaka mankhwala oumitsa. Nyale siifunika. Utoto wotere ukhala masabata 3 kapena 4. Tsono taganizani amene adzabwere kwa inu: mayi wochapa, wokwecha mapoto, wakuswa mtedza madzulo. Iyeyu afuna chinthu cholimba, osati duwa loti aonetse pa ukwati tsiku limodzi. Ine ndikuti yambani ndi ufa. Makina adikire phindu.

Koma ufa uli ndi mwambo wake, ndipo apa ndiye pagona mbiri ya saluni yanu. Musalole amayi onse kuviika zala m'botolo limodzi, pakuti matenda a pakhungu angayende kuchoka pa chala china kupita pa china. Tapani ufa pang'ono m'kambale ka munthu mmodzi, wotsala mutaye, ngakhale mtima uwawe. Mayi wa chala chotupa kapena cha bala mubwezeni mwaulemu, abwere chikapola.

Pochotsa, musamatule ndi mano kapena lumo, chikhadabo chingapyapyale. Palani pamwamba, mukulunge chala ndi thonje lonyowetsa mu acetone kwa mphindi 15, zenera lili chitsegukire, mbaula ili kutali, chifukwa mankhwalawa sachedwa kuyaka.