Diso la Mwana Likamayang'ana Kumbali

Makolo a mwana wa diso lothawira kumbali amamva mayankho awiri: "lidzawongoka akakula" kapena "n'chibadwa, palibe chochita". Nthawi zina amanena ndi agogo pa khonde, nthawi zina ndi a zaumoyo pa sikelo mzere uli wautali. Ife tikuti kholo lisachite manyazi kukayika, ndipo lifunse mwaulemu kuti: kodi munayeza bwanji?

Diso lililonse lili ndi minofu 6 yolitembenuza, ndipo khanda limatenga nthawi kuti liphunzire kuyendetsa maso awiri pamodzi. N'chifukwa chake pa miyezi itatu kapena inayi yoyamba maso amasokonekera mwa apo ndi apo popanda vuto. Palinso ana amene amangooneka ngati maso awo akuyang'ana mphuno, kaamba koti pamwamba pa mphuno pakadali paphwatalala ndipo khungu labisa choyera cha diso. Amenewa ndiwo "amachira akakula", chifukwa sanadwale n'komwe. Koma diso lopendeka nthawi zonse, kapena lopitiriza kuthawa mwana atakwana miyezi isanu ndi umodzi, silidziwongokera lokha.

Kusiyanitsa kwake sikufuna makina odula. Dokotala wa maso amaunika tochi pankhope ya mwana n'kuona ngati kuwalako kwagwera pamalo ofanana m'maso onse. Kenaka amatseka diso limodzi kuti aone ngati linalo ligwedezeke kufunafuna chinthu chimene mwana akuyang'ana. Amadontheza mankhwala okulitsa mwanadiso kuti aone mkati ndiponso adziwe ngati pakufunika magalasi. Ngati zimenezi sizinachitike, mwanayo anangoyang'anidwa, sanayezedwe.

Kudikira kuli ndi mtengo wake. Ubongo wa mwana ukamalandira zithunzi ziwiri zosagwirizana umasankha chimodzi, ndipo diso lothawalo limayamba kufooka ngakhale lili labwinobwino. Kulibweza kumatheka bwino mwana asanafike zaka 7 kapena 8. Pambuyo pake opaleshoni ikhoza kuliwongola, koma kuona sikubwerera mosavuta. Choopsa kwambiri n'chakuti diso lopendeka likhoza kukhala chizindikiro cha ng'ala yobadwa nayo, kapena cha khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma, imene imagwira makamaka ana osakwana zaka 5. Mukaona mwanadiso akuyera, kaya pamaso kaya pachithunzi chojambulidwa ndi kuwala, musadikire kuti mwezi uthe.

Ngakhale dzina la matenda limene linalembedwa m'buku la kuchipatala likhoza kufunsidwanso, poti matenda ofanana maonekedwe alipo angapo. Ena amabwera mwana ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu chifukwa maso akuvutika kuona zapafupi, ndipo magalasi okha amakwanira. Ena, amene dokotala wa ku America Alexander Duane anawafotokoza mu 1905, amadza chifukwa mtsempha wokokera diso kunja sunakule bwino mwana ali m'mimba. Mwana wotere amapotoza mutu kuti aone bwino, ndipo kumukalipira kuti akhale mowongoka n'kumulakwira. Palinso maso onjenjemera osakhazikika, monga timaonera kwa abale athu achialubino. Thandizo la zonsezi ndi losiyana. Choncho amene anauzidwa dzina lina ali mwana, lero ali ndi banja lake, sakulakwa kukayezetsanso, makamaka ngati wayamba kuona zinthu ziwiriziwiri.

Pemphani kalata yopitira kwa madokotala a maso, monga a ku Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre, a ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena a ku Nkhoma. Tengani buku la kuchipatala ndi zithunzi zakale za mwanayo, pakuti zimaonetsa pamene diso linayambira kuthawa. Akakupatsani kansalu kotseka diso, musadabwe kuti akutseka labwinolo. Ndi mmene lofookalo limakakamizidwira kugwira ntchito, ndipo agogo afotokozeredwe bwino, angakachotse mwana akayamba kulira.