Chithunzi cha ku Coco Beach

Lamulungu masana gombe la Coco Beach ku Dar es Salaam limadzaza ndi anthu, ndipo pakati pawo sipalephera kupezeka mtsikana wa ku Malawi amene sabata yonse wakhala akukolopa ndi kuchapa m'nyumba za anthu olemera ku Masaki kapena ku Mikocheni. Tsiku lake lopuma ndi lomwelo. Amavala diresi yobwereka kwa mnzake, kufulatira nyanja, kukweza foni m'mwamba n'kudzijambula kasanu, kakhumi, mpaka nkhope itasiya kuonetsa kutopa. Dzuwa likamalowa, kwawo ku Nkhotakota amakhala atachiona kale chithunzicho pa Facebook.

Akuluakulu ena ali ndi dzina limodzi la khalidweli: kudzikonda. Chiweruzo chimenechi n'chaulesi. Mtsikanayu akuyankha funso limene abale ake anamusenzetsa tsiku limene ankakwera basi yodzera pa Songwe, loti kodi ulendowu wapindula? Kachipinda kakuseri kamene amagonamo sakajambula, pakuti kumudzi palibe amene akufuna kukaona.

Ndipo zimenezi sizinayambe ndi foni. Azigogo amene ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, Kamuzu Banda asanaimitse maulendowo mu 1974, nawonso ankaima pamaso pa wojambula atavala suti ndi chipewa, n'kutumiza chithunzicho kwawo. Ena atalephera kufanana nacho anachita manyazi kubwerera chimanjamanja, nasanduka matchona. Koma iwo ankajambulitsa kamodzi pachaka. Mdzukulu wawo amayenera kutero sabata ndi sabata, ndipo pansi pa nkhope yake pamalembedwa chiwerengero cha anthu amene aikonda, ngati malikisi a mayeso.

Eni makinawa amadziwa zimene chiwerengerocho chimachita mumtima. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anaulula kafukufuku wa kampaniyo: atsikana 32 mwa 100 alionse amene anafunsidwa anati akakhala osakondwa ndi matupi awo, Instagram imawonjezera kusakondwako. Foni imayeretsa khungu ndi kusalaza masaya. Kalilole sachita zimenezo. Choncho ena amathera m'mashopu a ku Kariakoo kukafuna mafuta oyeretsa khungu amene Aswahili amawatcha mkorogo, ngakhale boma la Tanzania linaletsa mafuta okhala ndi mercury ndi hydroquinone.

Komabe mlandu waukulu uli kumudzi. Malume amene sanafunsepo ngati mwana wa mlongo wawo akudya mokwanira, ndiwo amayamba kuyamikira chithunzicho, ndipo m'mawa mwake amatumiza uthenga wa feteleza. Pambuyo pawo pamabwera fizi ya mng'ono wake, kenaka malata a nyumba. Iye akane bwanji, poti anthu onse amuona ali kunyanja atavala bwino? Amatenga katapila. Akadwala amabisa. Abwana akamumana malipiro sauza munthu, chifukwa kuulula n'kudzitcha wabodza pamaso pa mudzi wonse. Tulo timasowa, ndipo usiku amangotsegulatsegula foni kuwerenga amene amuyamikira, ambiri a iwo anthu amene akudikira ndalama.

Lamulungu lotsatira amabwerekanso diresi ina, popeza yoyamba ija anthu a kwawo anaiona kale.