Akuti za mabomba a nyukiliya si za amayi. Eti?

Sabata yatha pa msonkhano wathu ku Mitundu titatchula za mabomba a nyukiliya, bambo ena anaseka. Akuti: "Atsikana inu, kambani za maukwati a ana basi, zinazi n'za azungu ndi asilikali." Tinawasiya. Lero tikuwayankha pano, pagulu.

Asisi, mukukumbukira 2022? Nkhondo inabuka ku Ukraine, dziko lomwe agogo athu ku Nathenje sanalimvepo n'komwe, koma kukwera kwa feteleza kunawapeza pakhomo. Anachepetsa nsima m'mbale yake kuti ana akhute ndani? Ndipotu imeneyo inali ya zida wamba. Chaka chomwecho kafukufuku wa m'magazini ya Nature Food anasonyeza kuti India ndi Pakistan ataponyerana mabomba a nyukiliya, utsi ungaphimbe dzuwa kwa zaka, zokolola n'kugwa dziko lonse, anthu oposa 2 biliyoni n'kufa ndi njala. Bombalo silichita kufunika kugwera m'tsinde mwa Dzalanyama ayi. Chimanga chingokana kucha basi.

Zoti n'za azunguzo, tiyeni tione. Yureniyamu wambiri wopangira bomba la ku Hiroshima mu 1945 anakumbidwa ku Shinkolobwe, ku Congo kuno. Mu 1960 France inayesera bomba lake ku Reggane, m'chipululu cha Algeria, osati ku Paris. Ku Marshall Islands, komwe America inkayesera ake, amayi ankangopita padera, ena kubereka ana opanda mafupa. Poizoni wake amavulaza kwambiri matupi a amayi ndi atsikana, ndipo pangano la United Nations loletsa zidazi linachita kulemba zimenezo poyera.

Ena amati kuthetsa zidazi ndi maloto. Bodza. South Africa inapanga mabomba 6, n'kuwaphwasula yokha. De Klerk anaulula mu 1993. Pangano la Pelindaba, loti mu Africa musapezeke zida za nyukiliya, linayamba kugwira ntchito mu 2009. Mu 2017 mayiko 122 anagwirizana zoletseratu zidazi, ndipo wapampando wa zokambiranazo anali mayi, Elayne Whyte Gómez wa ku Costa Rica. Malawi inasaina chaka chomwecho, n'kuvomereza kwathunthu mu 2022. Munamvapo pa wailesi? Ifenso ayi.

Otsekereza njira ndi mayiko 9 okha, omwe akusunga mabomba pafupifupi 12,000. Palibe ngakhale limodzi lalowa m'panganoli. Bungwe la ICAN linawerengera kuti mu 2024 anawononga ndalama zoposa madola 100 biliyoni pa zidazi. Ena mwa iwo ndi omwewo adula thandizo la zaumoyo, ati ndalama zavuta. Aaa, zavuta pa mankhwala a amayi oyembekezera pokha?

Nafe tili ndi pogwira. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014, wayambanso. Akuti ndi wopangira magetsi kunja. Chabwino, sitikutsutsa. Koma dothilo ndi lathu, ndiye boma lizitiuza poyera: akugula ndani, akupita naye kuti, nanga madzi omwe amayi a ku Karonga amatunga akuwayeza kangati? Chinanso, panganoli limalamula dziko lililonse lomwe lalowamo kuti liike zilango m'malamulo ake, komanso likope ena kulowa. Mayiko angapo a mu Africa anangosaina n'kukhala chete. Nduna zathu zikapita ku SADC ndi ku AU, zimawakumbutsa?

Ndiye asisi, aphungu anu akabwera kudera ndi nsalu zogawa, landirani, si mlandu. Kenako kwezani dzanja muwafunse kuti pangano lomwe Malawi inavomereza mu 2022 lafika pati ku Nyumba ya Malamulo. Akayamba chibwibwi, tiuzeni. Ife tikafunsa athu ku Mitundu, ndipo bambo aja tawasungira mpando kutsogolo.